Mawu a pa Chiliza cha Naphiri

Lolemba

Kope ili wandipatsa Esinati, mwana wanga. Akuti ndizilembamo zoti ndichite, ndisamaiwale. Ndalandira, koma sindinathokoze. Ine sindiiwala. Zinthu ndizo zimachoka pamene ndaziika.

Nkhani ndi iyi. Loweruka tikumanga chiliza cha Naphiri, mkazi wanga, amene anatisiya chaka chatha nyengo yomwe ino ya kutentha. Lamulungu abusa adzapemphera pamanda. Amfumu alola kulowa kumanda masiku amenewo okha, basi. Kumanda si kumsika koti munthu ungabwerere ukaiwala chinthu.

Dzulo banja linakhala pansi pa mango kugawana ntchito. Wogawa ndi alamu anga a Yohane, mlongo wake wa Naphiri, mwini mbumba. Njerwa, uje. Mchenga, uje. Nkhuni ndi madzi, azimayi. Mbuzi, iwo eni. Ine, palibe. Ndinatsokomola kuti adziwe kuti ndilipo.

"Alamu, inu mungokhala pampando, ndinu ofedwa."

Kenako, motsitsa mawu koma osatsitsa kwenikweni: "Gulugufe ukampatsa ntchito, upatsenso wina ntchito yomweyo."

Gulugufe! Pamaso pa ana, pamaso pa adzukulu anga!

Dzina limeneli anandipatsa aphunzitsi ndili Sitandade 4, tsiku limene anandipeza ndikuyang'ana nkhwazi pawindo anzanga akuchita samu. Anati mutu wanga sutera pa duwa limodzi. Kalasi yonse inaseka, ndipo woseka kwambiri anali Yohane wa benchi la kutsogolo. Aphunzitsiwo anamwalira kalekale. Sukulu ndinaisiya chaka chomwecho. Koma dzinalo a Yohane alisunga ngati mbewu ya mawungu, nyengo iliyonse amalitulutsa n'kudzala.

Ndinaimirira. Ndinati mawu a pachiliza ndilemba ine.

Kuno sitigula mwala wa m'tauni wolembedwa ndi makina. Mmisiri amapaka simenti pamwamba, ndiye munthu amalemba ndi msomali simentiyo isanaume. Ikauma, yauma. Chimene walemba chidzakhala pomwepo mpaka lipenga lomaliza.

A Yohane anali kalaliki ku Chipoka, dzanja lawo ndi lokongola, sindikukana. Koma amene anakhala ndi Naphiri m'nyumba imodzi kuyambira tsitsi lakuda mpaka imvi ndani? Anandilola. Mwina chifukwa Esinati anawayang'ana ndi maso a mayi ake.

Zoti ndichite sabata ino:

1. Kusankha mawu.
2. Kupeza msomali waukulu, wosapindika.
3. Kuyeserera kulemba.
4. Kusakangana ndi alamu.
5. Loweruka kukhala pamalo amodzi.

Ntchito ya mwana imeneyi. Adzaona!

Msomali ndaupeza kale. Ndauzula pa chitseko cha khola. Chitsekocho chikulendewera pang'ono, ndikonza mawa. Msomali ndauika pamalo abwino poti sungasowe.

Lachiwiri

Msomali wasowa.

Malo aja ndi abwino zedi moti ngakhale mwini wake sakuwadziwa. Ndafuna m'thumba la jekete, pansi pa mphasa, m'chitini cha mbedza, pamwamba pa khoma. Palibe. Koma zimene ndapeza:

Magalasi anga, amene ndinkati anaba anthu obwera pamaliro. Ali m'chitini cha mchere. Mulungu andikhululukire, ndinatchula ndi maina omwe.

Kapu ya tiyi wa dzulo, yodzadza, pa thandala loyanikira usipa. Nyerere zafera momwemo.

Masipanala ofanana ndendende, mulu. Ndinkagula ina ndikaona ngati yoyamba yatayika.

Wailesi imene ndinaimasula kuti ndiikonze mvula isanayambe.

Ndangoti ndione waya mmodzi. Podzutsa mutu, dzuwa lili paliwombo, sindinadye, khosi lauma. Wailesi yayamba kulankhula, koma ikugwira za ku Mozambiki zokha.

Akanakhalapo Naphiri izi sizikanafika masana. Iye anali ndi mawu ake awiri. Ali kuseri akupeta mpunga, osatembenuka n'komwe: "Bambo a Esinati, mwafika pati?" Ine: "Ndatsala pang'ono." Poyankhapo ndiye ndinkakumbuka kuti ndinatuluka m'nyumba kukasoka ukonde, osati kusema mpini uli m'manjawu. Ndinkaika mpini pansi n'kubwerera ku ukonde. M'mawa, masana, madzulo, mwafika pati, mwafika pati. Zinkandinyansa. Ndinkati mkaziyu akundilondola ngati kapitawo wa ku esiteti. Tsiku lina ndinamuyankha kuti ndafika pa Chitala. Sanaseke. Anangoti, "Mubwereko, ukonde uli kuno."

Lero kuseri kuli nkhuku zokha.

Mbuzi ya Loweruka, imene alamu anasungiza m'khola langa, yatuluka. Chitseko chija! Aibweza Che Amidu, mnansi wanga wa mpanda umodzi, ataimanga ndi chingwe cha boti. Aipeza kumzikiti ikutafuna mkeka.

"Achimwene, mbuzi yanu ikufuna kulowa Chisilamu. Ndati ndiyambe ndafunsa makolo ake."

Ndaseka, koma ndawapempha asawauze alamu.

Ndazula msomali wina pa thandala kuti ndikhomere chitseko. Pouyang'ana, ndi wabwino kuposa woyamba uja. Ndausunga. Chitseko ndamanga ndi luzi. Thandala lapendekeka.

Mawu sindinasankhe. Nthawi ilipo yambiri.

Lachitatu

Esinati ndi mphunzitsi ku Lilongwe. Akuti wabwera kudzathandiza za chiliza, koma ndikuona ngati wabwera kudzayeza ine.

Wandipeza pakhonde, wakhala pansi, foni m'manja. "Ababa, musakwiye." Munthu akayamba choncho ndiye kuti ukwiye.

Akuti kusukulu anawaphunzitsa za ana ena amene mutu wawo sukhazikika. Si mwano, si ulesi, ndi mmene ubongo wawo unapangidwira. Akuti ena amakula nazo mpaka kukalamba osadziwa. Dzina lake ndi zilembo zinayi: A, D, H, D. Matenda anji opanda dzina, a zilembo zokhazokha ngati nambala ya galimoto?

Wayamba kuwerenga zizindikiro. Ndikuzilemba pano ndi mayankho anga, kuti wopeza kope ili adzaweruze yekha.

Kuyamba ntchito zambiri osamaliza. Bodza. Zonse ndidzamaliza. Bwato limene lili kuseri likudikira phula. Khitchini ikudikira udzu. Njinga ikudikira bwato, chifukwa ili pansi pake.

Kutaya zinthu kawirikawiri. Ndanena kale.

Kulowa m'chipinda n'kuiwala chimene walowera. Uwo ndi ukalamba. Esinati akuti ndinkachita iye ali wamng'ono. Ndiye kuti ndinakalamba msanga.

Kudula anthu mawu asanamalize. Apa ndamuyankha asanamalize, chifukwa ndinadziwa kale kumene akupita. Anthu amalankhula pang'onopang'ono ngati akukoka khoka.

Kugwedeza mwendo ukakhala pansi. Ndayang'ana mwendo. Ndaugwira ndi dzanja. Wayamba winawo.

Kulephera kukhala chete pamsonkhano wautali. Ulaliki ukatalika ndimatuluka kukaona ngati njinga za anthu zili bwino. Ndi utumiki umenewo.

Kumira pa chinthu chimene chakusangalatsa mpaka kuiwala kudya. Wailesi ija sindinamuuze. Wamuuza ndani?

Kusamva nthawi ikamapita. Kukwiya msanga n'kuzizira msanga.

Ndamukalipira kuti mwana salemba bambo ake m'gulu la odwala. Akuti iye si dokotala, zizindikiro zokha sizikwanira, oyenera kunena ndi a chipatala atamufunsa munthu bwinobwino. Ndati chabwino, ndiye tseka foniyo. Patapita kanthawi ndamuitana adzaone mmene wailesi ikulankhulira Chipwitikizi. Wabwera, wayang'ana ine m'malo mwa wailesi.

Chimene chandibaya si zizindikirozo ayi. Ndi chimene wanena pomaliza. Akuti mwana wotere m'kalasi mwake amamukhazika kutsogolo. Amampatsa ntchito yaifupi, akamaliza ina yaifupi. Akaona miyendo yayamba, amamutuma akafufute bolodi. Samumenya.

Samumenya!

Ine anandimenya ndi rula pa zala zomwe ndikulembera izi. Anandigwaditsa pa miyala dzuwa likuswa mtengo. Bambo anga anamva kuti ndine wosamva, anawonjezera zawo kunyumba. Ndiye kunali dzina lina, ine n'kulandira la Gulugufe? Akanandikhazika pa benchi la Yohane, mwina kalaliki wa ku Chipoka ndikanakhala ine. Mwina Naphiri akanagona m'nyumba ya malata yomalizika.

Sindikukhulupirira zimenezi. Ndangolemba.

Madzulo ano Esinati wapsereza ndiwo, anali kufuna foni yake. Yapezeka m'dengu la ufa. Ndafuna kumuseka. Koma ndakumbukira magalasi anga m'chitini cha mchere.

Lachinayi

Tsiku loyeserera. Ndatsikira kunyanja m'mawa, pamene mchenga uli wonyowa, msomali m'manja.

Ndayamba bwino. NAPHIRI. Zilembo zoongoka, ngakhale a Yohane sakanapeza potola. Ndiye dzanja lapitiriza lokha. MKAZI WOLEZA MTIMA AMENE ANKADZIWA USIPA WA LERO NDI WA DZULO NDI MASO OKHA AMENE ANAYENDA PANSI KUCHOKERA KU CHITALA MWANA ALI KUMBUYO TSIKU LIMENE NDINAIWALA KUKAMUTENGA AMENE ANKAIMBA MOLAKWITSA KOMA MOKWEZA AMENE SANKADYA MLAMBA.

Poima, mawu ayambira pa boti la Che Amidu mpaka pamene azimayi amachapira. Mayi wina akuti, "Agogo, mukulembera boma?"

Mmisiri anandiuza kuti malo olemba ndi ngati lichero. Munthu wathunthu alowe m'lichero bwanji? Ndichotse chiyani? Usipa? Chitala? Ndili kuganiza, mafunde a boti lodutsa afufuta NAPHIRI n'kusiya MLAMBA.

Ana a Che Amidu akukonzekera ulendo wokapha nsomba ku chilumba cha Mbenji, koma injini yawo ikutsokomola n'kuzima. Akungokoka chingwe, kukoka, kukoka. Ine ndamva ndili patali kuti si pulagi, ndi mafuta sakuyenda bwino. Miyendo yayamba yokha kupita komweko. Ndaima. Ndatseka makutu ndi zala, ndatembenuka, ndakwera mtunda mpaka kunyumba osacheuka.

Ndapambana! Esinati alembe zimenezo m'foni mwakemo!

Msomali ndausiya kunyanja. Potseka makutu ndinauika pansi.

Wachitatu ndazula pa benchi la pakhonde. Esinati waumanga ndi ulusi wa ukonde n'kundiveka m'khosi. Sindinakane. Ndatopa.

Ndalowa kuchipinda masana ano, ndaima pakati, sindikudziwa chimene ndalowera. Ndadikira kuti wina afunse. Ndakhala pabedi. Chitenje chake chikadali pa chingwe, chobiriwira chija. Fungo lake linatha, kwatsala la fumbi.

Lachisanu

Nambala 4 ya zoti ndichite yagwa.

A Yohane abwera kudzaona mbuzi. Ayang'ana luzi la pa chitseko, ayang'ana thandala, akhala pa benchi, benchi lawatsitsa mbali imodzi. Kenako aona msomali m'khosi mwanga.

"Alamu, chithumwa chimenechi ndi cha matenda anji?"

Ndapirira. Koma pokonza jekete lawo, m'thumba mwatuluka kapepala ka mawu a pachiliza, ndi msomali watsopano wa kusitolo, wonyezimira. Akuti ndi wongosungira, mwina mwake.

Mwina mwake! Munthu wabwera kale ndi kulephera kwanga m'thumba!

Ndawauza zonse. Za benchi la kutsogolo. Za tsiku la ukwati wanga pamene anauza anthu kuti mlongo wawo wakwatiwa ndi mphepo. Za ku Mbenji pamene ananong'oneza mwini boti kuti asandipatse nyali, ndidzayang'ana nyenyezi nsomba zikudutsa. Ndakuwa mpaka azimayi ophika thobwa asiya mithiko. A Yohane awerama. Atola kapepala kawo, aimirira.

"Mawa simenti sidzamva zonsezi, alamu."

Potuluka apeza njinga yawo yaphwa. Mkwiyo wanga unali utapita kale, sindikudziwa kuti unapita nthawi yanji. Ndawamatira chubu, ndawakonzeranso mabuleki amene sanandipemphe. Iwo akadali otupa, ine ndikuwafotokozera za mabuleki. Moyo wanga wonse ndi wotere. Ine moto wazima, anzanga akadapsa.

Esinati akuti, "Ababa, amayi zilembo zija sankazidziwa, koma inu ankakudziwani. Funso lija anali mankhwala anu."

Mankhwala! Ine ndinkati ndi kulongolola. Ndinkamuyankha mokalipa, nthawi zina ndinkayerekeza kuti sindinamve. Akanatopa tsiku limodzi n'kusiya kufunsa, bwenzi ndili kuti? Sanasiye. Ngakhale kuchipatala, mawu atachepa, ndinatuluka kukamugulira nthochi n'kuima pa anthu okonza jenereta. Pobwera anatsegula maso pang'ono. "Mwafika pati?" Nthochi ndinalibe. Ndinati ndatsala pang'ono. Anamwetulira.

Ndatseka chitseko, ndakhala pansi, ndasankha mawu. Ndachotsa usipa, ndachotsa Chitala, ndachotsa mlamba. Kwatsala dzina lake, zaka zake, ndi mzere umodzi wa ine ndekha, wabwino, woti ngakhale kalaliki avule chipewa. Sindiulemba muno, ungathe mphamvu. Ndaulemba pa kapepala, kapepala m'thumba la malaya oyera, malaya pa mpando, mpando pakhomo poti sindingatuluke osaugunda.

Mawa ndikhala pamalo amodzi. Ngakhale nyanja iume.

Loweruka

Ndilemba mwadongosolo.

Ndafika kumanda woyamba, adzukulu okonza pamanda asanabwere. Malaya oyera, kapepala m'thumba, msomali m'khosi. A Yohane atafika andiyang'ana, agwedeza mutu ngati akuvomera.

Amuna amanga njerwa. Ine ndathandiza kupatsira, zimenezo ndimatha, manja akamayenda mutu umakhala phee. Mmisiri wapaka simenti pamwamba, waisalaza bwino ngati galasi. Ndavula msomali. Wandigwira dzanja.

"Ayi madala, isanagwire. Ikakhala yamadzi zilembo zimatsekeka zokha. Ikauma msomali umangoterereka. Pali kanthawi kake pakatipo. Khalani apo, ndikuitanani. Koma ndi dzuwa ili, musapite patali."

Kudikira. Palibe anandiuza kuti ntchito yolemba ndi kudikira.

Ndakhala pa njerwa. Mwendo wayamba. Ndawerenga ziliza za anthu ena, zonse. Ndakhalanso. Ndayang'ana simenti, simenti ikundiyang'ana. Anyamata akututa mchenga wa m'mbali ndi wilibala, ndipo wilibalayo ikulira. Kwii, kwii, kwii, ngati kagalu kopondedwa. Pamanda pa mkazi wanga! Palibe akumva, ine ikundiboola m'mutu. Ndati girizi ali kwa Che Amidu, ndi pafupi, ndipita n'kubwera simenti isanadziwe.

Ndakankha wilibala mpaka kwa Che Amidu. Eni ake kulibe, apita kukapereka nsomba kwa azimayi ophika. Ana awo ali pa injini ija, aimasula, zipangizo zili mbwee pa thumba, akukangana. Wamkulu akufuna kumenya kabuleta ndi mwala.

Ndangoti ndiwaonetse kabowo kamodzi.

Ndavula malaya oyera kuti asade, ndawakoleka pa mpanda.

Za pakatipo sindingathe kufotokoza. Panalibe dzuwa, panalibe njala, panalibe Loweruka. Panali kabowo kotsekeka ndi kawaya kopyapyala. Kenako injini yalira, kulira kosalala, anyamata akuwomba m'manja, ine ndikuseka. Ndipo kumbuyo kwanga mawu a Che Amidu:

"Subuhanallah! Achimwene, mukutani pano? Kumanda akufunani mpaka atopa!"

Mthunzi wa mpanda unali utatembenuka.

Ndathamanga. Munthu wa msinkhu wanga, vesiti yokha, manja akuda ndi oilo, msomali ukundimenya pachifuwa. Ndagwa pa mizu ya mkuyu, ndadzuka.

Ndapeza amuna akutsuka mafosholo. Mchenga wotsala anatuta ndi ndowa, wilibala ndinapita nayo ine. Palibe waseka. Akanaseka bwenzi zili bwino.

Pamwamba pa chiliza palembedwa kale, ndi dzanja lokongola lija. Dzina lake lonse. Chaka chobadwa, chaka chomwalira. USANI MUMTENDERE. Zoongoka ngati za m'buku.

Koma m'munsi mwake muli chiguduli chonyowa. Mmisiri wandinong'oneza kuti anaika ndi a Yohane, ndipo akhala akuthirapo madzi awo akumwa, pang'onopang'ono, kuti pasaume.

A Yohane sakundiyang'ana. Akupukuta msomali wawo. "Ndakusiyirani mzere umodzi, alamu. Mlongo wanga akanandizazira." Gulugufe sanatchule.

Ndagwada, ndachotsa chiguduli. Dzanja lapita kuthumba. Thumba lili pa malaya, malaya ali pa mpanda wa Che Amidu. Ndafufuza m'mutu mzere wanga wabwino uja. Mulibe. Ngakhale liwu loyamba. Muli kabuleta, muli kwii kwii, ndipo kuseri kwa zonsezo muli munthu akupeta mpunga.

Ndati moyo wonse ankandifunsa ine. Lero ndimufunse iye. Mwafika pati?

M walowa bwino. W, A. Simenti yayamba kukana. F ndakanikiza ndi manja onse awiri. I, K, thukuta likugwera pomwepo. A womaliza ndachita kukanda ngati ndikusema mwala. Ndasiya kampata, ndayamba P. Msomali wapindika. Ndauwongola ndi mwala, ndayesanso. Wangosiya kamzere koyera, mmisiri wapukuta ndi chala, kachoka.

"Basi madala. Yagwira."

MWAFIKA.

Ngakhale funso la mawu awiri ndalephera kumaliza.

Sindinadye mbuzi.

Lamulungu

Mapemphero pamanda. Anthu ambiri, a mpingo, a kwa Naphiri ochokera ku Chitala. Che Amidu aima chapatali ndi kofia yawo m'mutu, andibweretsera malaya atachapa. Kapepala kachapidwira momwemo. Kasanduka phala.

Ndaima kumbuyo kuti anthu akayamba kufunsana ndizembe.

Abusa awerenga dzina, awerenga zaka. Afika m'munsi, aweramira, akonza magalasi. Zilembo zanga zokhota, zina zakuya, zina zosaoneka bwino, pansi pa zokongola za kalaliki. Afunsa kuti walemba ndani. Anthu atembenukira kwa ine.

Akuti ayenda m'manda ambiri. Amaona MWATISIYA, amaona MWAPITA, amaona TIDZAKUSOWANI. Onsewo ndi mawu a otsala, odzilirira okha. Koma bambo awa sanayang'ane kumene mayi achoka, ayang'ana kumene apita. Liwu limodzi lokha, lokwanira. Ulaliki wonse wachokera pamenepo. Azimayi ayamba nyimbo. Mayi wina wa ku Chitala wandigwira dzanja, akuti sankadziwa kuti ndine munthu wozama chonchi.

Ntchito zanga zosamaliza zadzadza bwalo lonse, palibe anayamikirapo ndi imodzi yomwe. Lero ayamikira iyi.

Esinati akudziwa. Wabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati akulira kapena akuseka. Mwina zonse. A Yohane akudziwanso, funsolo analimva pakhomo panga kosawerengeka. Ndadikira kuti anong'oneze wina. Ndakonzeka kale ndi mkwiyo. Potuluka kumanda andigwira paphewa.

"Zakwana momwemo, alamu."

Basi. Munthu uyu wandilanda benchi, wandilanda dzina, lero wandilanda ndi chifukwa chomudera. Ndizichita chiyani madzulo?

Esinati wanyamuka masana. Akuti akadzabwera pa tchuthi tidzapite limodzi kuchipatala tikafunse za zilembo zija, iye ndi ine, tonse awiri. Ndati tiona. Pa msinkhu uno dzina latsopano lindithandiza chiyani, rula inagwa kale pa zala. Koma iye apite. Iye akadali ndi ulendo. Wakwera kabaza, wandibayibitsa. Tchaja cha foni wasiya pawindo.

Ndatsegula tsamba la Lolemba. Mawu ndinasankha, anachapidwa. Msomali ndinapeza, itatu. Kuyeserera, nyanja inafufuta. Alamu ndinakangana nawo. Pamalo amodzi sindinakhale.

Chitseko cha khola chikadali pa luzi, koma mulibe mbuzi. Wilibala ya mmisiri ikadali kwa Che Amidu, girizi sindinapake. Tiyi ndinathira, ali penapake.

Ndakhala pa benchi, mbali yosagwa. Msomali wopindika ukadali m'khosi, ndiusiya momwemo. Anthu onse apita, kuseri kuli zii, lichero lake lili pa khoma. Ndadikira pang'ono, mwina mwa chizolowezi. Palibe wafunsa.

Ndayankhabe, mokweza, nkhuku zadzidzimuka.

Ndatsala pang'ono, Naphiri.